Nyumba ya malata ikamazizira ngati panja: pofufuza ndi pokonza ndi ndalama zochepa

Kuno ku Dedza, Meyi akamapita kumapeto, anthu amayamba kundiimitsa pamsewu ndi dandaulo limodzimodzi: "Amisiri, nyumba ija munakhoma malata ikutipha ndi chisanu, usiku timagona ngati tili pabwalo." Ena amabwera atagula kale mabulangete awiri pa kaunjika, ena atayamba kale kulowetsa mbaula kuchipinda. Ntchito yanga ndi yokhoma madenga, zitseko ndi siling'i, ndipo nyumba zozizira ndalowamo zambiri. Pafupifupi m'zonsezo kutentha kumakhalamo ndithu madzulo. Makoma aotha dzuwa tsiku lonse, anthu asanu ogonamo matupi awo akutentha, mphika wa nsima nawo wasiya kake. Koma nyumbayo ili ngati ndowa yobooka, pofika 3 koloko m'bandakucha zonse zija zathawa. Musanathamangire kuwonjezera moto, pezani pamene pakuthawira kutenthako.

Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili pa mamita ngati 1,050. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake mamangidwe amene amakoma ku Salima kapena ku Nkhotakota, a njerwa zamabowo pamwamba ndi mawindo akuluakulu opita mphepo, akabwera ku Bembeke, ku Lizulu, ku Tsangano kapena ku Chikangawa amasanduka chilango. Mu Juni ndi Julayi kuno m'bandakucha kumatsika kufika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madimba a m'madambo chisanu chimapsereza masamba a tomato ndi kachewere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2018 okhudza nyumba, linati m'nyumba musamazizire kuposa madigiri 18 m'nyengo yachisanu. Nyumba zathu zambiri za malata zimatsalira kutali ndi pamenepo, ndipo ovutika kwambiri ndi makanda, okalamba ndi odwala mphumu.

Yambani ndi koyilo ya udzudzu

Sankhani madzulo amene mwera ukuwomba. Tsekani zitseko ndi mawindo monga mumachitira pogona, yatsani koyilo ya udzudzu, n'kuyamba kuyenda nayo pang'onopang'ono. Pamene palibe polowera mphepo utsi umakwera mowongoka. Pamene pali mpata utsi umapendeka kapena kubalalika. Yendetsani pansi pa chitseko, m'mbali mwa mafelemu a mawindo, pangodya za chipinda, ndipo mukwere pampando muyese pamene khoma lakumana ndi malata. Pamene utsi wavina lembanipo ndi choko kapena khala. Mukamaliza zimitsani koyiloyo.

Tsiku lotsatira masana, tsekani nyumba yonse n'kukhala mumdima mphindi zochepa. Paliponse pamene mukuona kuwala kwa dzuwa, usiku pamadutsa mphepo. Mayeso awiriwa sadya ndalama, koma amakupulumutsani kugula zinthu zosafunika. Ndinalowapo m'nyumba ina imene mwini wake anali atasunga ndalama zosinthira mawindo onse. Titayesa, mawindo anali bwino. Mphepo yonse inkalowera pamwamba pa khoma la kummwera, pamene womanga anasiya mpata wolowa dzanja lonse.

Kuzizira kukuchokera pamwamba, kapena denga likudontha mvula kulibe

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo ndikhalapo nthawi. Mumadzuka cha m'ma 4 koloko, dontho lagwa pamphumi, bulangete lanyowa madontho m'mzere wowongoka kutsatira mtanda wa denga. Mukatuluka panja nyenyezi zili mbee. Ambiri amayamba kufunafuna chibowo cha msomali n'kumata phula, koma dengalo silinabooke.

Chimene chikuchitika ndi ichi. Usiku wopanda mitambo, lata limataya kutentha kwake kumwamba mofulumira mpaka limazizira kuposa mpweya wapanja. N'chifukwa chake usiku wa nyenyezi umazizira kuposa wa mitambo. M'nyumbamo mpweya wofunda umakwera pamwamba, ndipo mpweyawo uli ndi chinyezi: munthu mmodzi akagona usiku wonse amatulutsa madzi okwana ngati kapu imodzi popuma ndi pathukuta, kuwonjezera apo nthunzi ya mphika ndi zovala zimene mwayanika m'nyumba. Mpweyawo ukakhudza lata lozizira umachita mame, monga zimachitikira pabotolo lochokera m'firiji. Kutentha kwatuluka, madzi akubwerera pa inu. Lata ndi lopyapyala, silifika ndi milimita imodzi yomwe, ndiye silingasunge kanthu. Makolo athu m'nyumba zaudzu sankadziwa vutoli, chifukwa udzu wokhuthala umasunga mpweya pakati pake, ndipo mpweya wongokhala osayenda ndiwo umatchinga kuzizira.

Mankhwala ake ndi siling'i, ndipo siling'i siyenera kukhala ya mabodi a kusitolo. Ngati ndalama zilipo, bodi imodzi imakhala ya mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali, ndiye chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimafuna mabodi 4, kuphatikizapo timatabwa tokhomerapo ndi misomali. Ngati ndalama palibe, mphasa za bango zimagwira ntchito bwino kwambiri. Mangani nsungwi zouma kapena waya wolimba kuchokera khoma lina kufika lina, motalikirana ngati theka la mita, yalani mphasa pamwamba pake, n'kuzimangirira ndi waya wofewa kuti zisagwe pakati. Mikeka nayonso imatheka, ngakhale matumba a chimanga osokedwa pamodzi n'kukokedwa bwino. Mphasa zizipitirirana pokumana, ndipo m'mbali zifike pakhoma penipeni. Siling'i yosiya mpata m'mbali ili ngati chivundikiro chochepa pamphika waukulu.

Pamwamba pa mphasazo yalani pepala lapulasitiki lakuda, lija timaika pansi pa udzu pofolera. Limatchinga nthunzi ya m'chipinda kuti isakafike ku malata, limatchinganso fumbi kuti lisamagwere pabedi. Pamwamba pa pepalalo ndi pamene muike chofunditsa: makatoni ophwasula osanjikiza kawiri kapena katatu, kapena timatumba ta mankhusu a mpunga tosadzaza kwambiri, toyalidwa mothithikana. Utuchi kuno ngwosavuta kupeza chifukwa cha macheka a mapaini, koma uyenera kukhala wouma gwa ndi wosakaniza ndi laimu pang'ono, apo ayi umakoka chinyezi ndi tizilombo. Musalemeze siling'i ya nsungwi ndi katundu wambiri. Kukhuthala kwa zala zitatu kapena zinayi n'kokwanira kuti mumve kusiyana.

Pali zinthu zitatu zimene sindilola kasitomala wanga kuzinyalanyaza. Choyamba ndi mawaya a magetsi. Ngati mawaya akungoyenda pamitanda opanda mapaipi, kapena pali polumikiza pomangidwa ndi jumbo, itanani wodziwa zamagetsi akonze musanaikepo katoni ngakhale imodzi. Pozungulira pamene pali babu siyani malo opanda chofunditsa. Chachiwiri, kukhitchini kumene mumasonkha moto musaikeko siling'i ya mphasa kapena makatoni. Chachitatu ndi alendo: makoswe, mileme ndi chiswe zimakonda malo amdima pakati pa siling'i ndi malata. Siyani kachitseko kolowera kuti muzitha kusuzumira, ndipo mphasa zisakhudze khoma limene lili ndi njira za chiswe musanathane nacho.

Ngati ndalama zikukwanira chipinda chimodzi chokha, yambani ndi chogona ana. Koma onetsetsani kuti khoma lapakati lafika pa siling'iyo. Nyumba zambiri makoma apakati amathera m'munsi, pamwamba n'kukhala pabwalo limodzi, ndiye siling'i ya chipinda chimodzi iyenera kukhala pamwamba pa makoma onse anayi ngati chivundikiro cha bokosi.

Amene mukumanga kumene, kapena mukusintha malata, ganizirani zoyala pepala lonyezimira lija amati sisalation pansi pa malata musanakhome. Pa nthawi yofolera ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, koma denga likakhomedwa kale kuliika kumavuta. Mbali yonyezimira iyang'ane kumene kuli mpata wa mpweya, isamatirire pachinthu china.

Ndalama ya siling'i imabweza kawiri. Siling'i yomweyo imene ikukufunditsani mu Julayi ndi imene idzakutchingireni moto wa malata mu Okutobala, ndipo phokoso la mvula mu Januwale limachepa mpaka mumamvana polankhula.

Mpata wa pakati pa khoma ndi malata

Amisiri timati bimufiling'i, kutanthauza kutseka ndi zidutswa za njerwa ndi matope malo amene khoma lathera, pakati pa mapaso, mpaka kukhudza malata. Omanga ambiri amadumpha ntchitoyi mwini nyumba ndalama zikamuthera, n'kunena kuti adzabweranso. Mukhoza kuchita nokha: zidutswa za njerwa, dothi losakaniza ndi mchenga, makwerero ndi tsiku limodzi. M'mizere ya lata kanikizani matope ndi zala mpaka kuwala kusaoneke.

Apa pali msampha umene anthu ambiri amagwamo. Mukatseka bimufiling'i yonse nyumba ilibe siling'i, mphepo imachepa ndithu, koma kudontha kwa denga kumawonjezeka, chifukwa nthunzi yasowa potulukira. Ngati siling'i simunaike, tsekani mbali ya kummwera ndi kuvuma kumene kumachokera mphepo yachisanu, mbali ya kumpoto musiye timipata pang'ono. Ngati siling'i ilipo, malo a pamwamba pake amafunika kupita mpweya kuti malata aziuma. Siyani mabowo awiri kapena atatu mbali zoyang'anizana, muwatchinge ndi waya wa sefa kuti mileme ndi makoswe zisalowe.

Mapazi akuzizira, makatani akugwedezeka mawindo ali otseka

Iyi ndi mphepo yolowa m'munsi. Yezani mpata wa pansi pa chitseko chanu. Chitseko chimakhala cha masentimita ngati 80 m'lifupi, ndipo mpata wa masentimita 2 pansi pake ndi bowo lofanana ndi kuchotsa njerwa imodzi pakhoma. Palibe amene angagone m'nyumba yochotsedwa njerwa osaitseka, koma mpata wa pachitseko timaulekerera zaka.

Pezani chubu chakutha cha galimoto kapena cha njinga yamoto, dulani chidutswa chotalika ngati m'lifupi mwa chitseko, chotambalala zala zinayi. Chikhomereni kunsi kwa chitseko ndi kathabwa kopyapyala pamwamba pake kuti misomali isang'ambe mphira, ndipo mphirayo izingokhudza pansi osalimba potsegula. M'mbali ndi pamwamba pa felemu khomani timizere ta mphira yomweyo kapena ta bulangete lakutha, pamene chitseko chimagunda chikatsekedwa. Matabwa a paini akakhomedwa asanaume amafota n'kusiya ming'alu pakati. Ming'aluyo mateni ndi utuchi wosefa wosakaniza ndi guluu wa matabwa. Ngati simukufuna kukhoma kanthu, dulani mwendo wa buluku lakutha, thiranimo mchenga wouma, mangani uku ndi uku, muziugoneka pansi pa chitseko usiku. Umatchinganso tizilombo toyenda pansi.

Mawindo a chitsulo, yang'anani phala lomatira magalasi. Likakalamba limasweka n'kugwa, galasi n'kumagwedera. Kumata latsopano n'kotchipa. Pamene galasi linasweka, katoni yokutidwa ndi pulasitiki iposa nsalu yongopachika. Ovuta kwambiri ndi mawindo a timagalasi tosanjikizana totsegula ndi kachitsulo, chifukwa satsekeka n'komwe. Amenewa, m'miyezi itatu yachisanu, akhomereni pulasitiki yoonekera mkati mwa felemu ndi timatabwa topyapyala, kusiya mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri pakati pa galasi ndi pulasitiki. Mpweya wotsekeredwa pamenepo ndiwo ukugwira ntchito. M'chipinda chilichonse siyani windo limodzi lotheka kutsegula.

Katani yopyapyala ya lesi ndi yokongoletsa chabe. Usiku pamafunika yokhuthala, yopitirira felemu mbali zonse, yofika pansi kapena yokhudza pakhoma m'munsi mwa windo. Bulangete lakale la pa kaunjika lokutidwa ndi chitenje limakhala katani yabwino kuposa zambiri za m'sitolo. Ina yotere ipachikeni pakhomo lolowera kuzipinda ngati palibe chitseko.

Khoma nalonso limapita mphepo, makamaka la njerwa zomangidwa ndi dothi lopanda pulasitala. Ikani dzanja pamzere wa matope tsiku la mwera, mudzamva. Ngati simenti ya nyumba yonse palibe, pakani khoma la kummwera ndi la kuvuma lokha. Ngakhale kumata ndi dothi losakaniza mchenga, monga amachitira amayi pozira nyumba, kumatseka timabowo. Kunja, mpanda waudzu wotalika bwino, woimikidwa mamita angapo kuchokera pakhoma mbali yomweyo, umathyola mphamvu ya mphepo isanafike panyumba. Anzathu a ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre ali ndi chiperoni, mphepo ya nkhungu ndi mvula yowaza imene dzina lake linachokera kuphiri la Chiperone ku Mozambique. Kumeneko khoma loyang'ana mphepo limanyowa masiku angapo, ndipo khoma lonyowa limazizira kuposa louma, choncho pulasitala wakunja ndi denga lotulukira bwino kunja kwa khoma n'zofunika koposa kuno.

Mwafunda mabulangete atatu koma msana ukuzizirabe

Yang'anani chimene mwagonera. Pansi pa simenti pamayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse, ndipo mphasa imodzi kapena matiresi ofota sangaletse. Ana ogona pansi pabalaza ndi amene amazunzika kwambiri. Bulangete limodzi mwa atatuwo liyaleni pansi, mudzafunda kuposa kuwaunjika onse pamwamba. Pansi penipeni yambani ndi pulasitiki ngati simentiyo imachita chinyezi, kenako makatoni awiri osanjikiza, kenako mphasa, kenako matiresi. Kabedi ka matabwa otsala kumacheka, kokwera ngakhale chikhatho chimodzi kuchokera pansi, kamasintha zinthu kwambiri. Bedi lisagundane ndi khoma lakunja, lisunthireni ku khoma lapakati. M'mawa imikani matiresi ndi makatoni aja apitidwe mphepo, chifukwa pansi pake pamasonkhana chinyezi.

Mwana wakhanda amataya kutentha msanga, makamaka kumutu. Kachipewa, masokosi ndi kumugoneka pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, monga amaphunzitsira kuchipatala, n'zabwino kuposa kumuyandikiza kumoto. Kumusambitsa kuzichitika dzuwa litakwera.

Nyumba imazizira ngakhale masana

Ife tili kummwera kwa equator, mzere wodula dziko lapansi pakati, ndiye mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chopendekera kumpoto. Windo la kumpoto ndi la kuvuma ndi mbaula yaulere. Anthu ambiri amapita kumunda kapena kuntchito atasiya makatani otseka tsiku lonse, n'kubwera madzulo kudzatsegula mawindo. Tembenuzani dongosololi. Dzuwa likatuluka tsegulani makatani kuti lifike pansi ndi pamakoma, chifukwa njerwa ndi simenti zimasunga kutentha n'kumakutulutsa usiku. Pofika 4 koloko madzulo tsekani mawindo ndi zitseko, ndipo dzuwa likamalowa, 5 koloko itangopitirira, kokani makatani okhuthala aja. Ngati mtengo wa mango kapena wa mapeyala watchinga mbali ya kumpoto, sadzani nthambi zam'munsi zokha, mthunzi wake mudzaufuna mu Okutobala.

Mwatseka paliponse, tsopano khoma likuchita chuku

Walira mvula walira matope. Nyumba yotsekedwa bwino imasunga kutentha, imasunganso nthunzi. Zizindikiro zake ndi madontho akuda pangodya ndi kuseri kwa kabati, magalasi olira m'mawa, nsapato zochita chuku, zovala zonunkha chinyezi. Chuku chimadzutsa chifuwa ndi mphumu, ndiye musachilekerere.

Tsiku lililonse, dzuwa likafunda cha m'ma 10 koloko, tsegulani zitseko ndi mawindo oyang'anizana kwa mphindi 15 kapena 20. Mpweya wonyowa umatuluka, makoma sazizira m'nthawi yochepa choncho. Zovala yanikani panja kapena pakhonde. Vundikirani miphika pophika, ndipo madzi osamba otentha asamakhale m'chipinda. Kabati ichoke pakhoma zala zinayi. Mabowo opitira mpweya amene ali pamwamba pa mawindo musawamate ndi simenti. Tsekani a mbali ya mwera ndi katoni yochotseka, ena asiyeni. Pamene chuku chagwira kale, pukutani ndi madzi osakaniza Jik, mawindo ali otsegula, ndipo musasakanize ndi mankhwala ena otsukira. Pakauma pakani laimu. Koma chinyezi chikakhala m'munsi mwa khoma mokha, penti n'kumatukuka ndi ufa woyera, madziwo akuchokera pansi pa maziko. Pamenepo konzani ngalande kunja kuti madzi asamaime m'mbali mwa nyumba.

Mumadzuka mutu ukuwawa, muli ndi chizungulire ndi nseru

Ngati munagona ndi mbaula m'nyumba, musaganize za malungo kaye. Pa zonse zimene ndalemba pano, izi ndi zimene ndikupemphani kuti muuzeko ena.

Chaka china mu Julayi, mlamu wanga ndi mkazi wake analowetsa mbaula kuchipinda ataphikira nyemba. Makala anali ofiira bwino, opanda utsi. Anatseka chitseko n'kuika chiguduli pansi pake kuti kutentha kusathawe. M'mawa mbuzi zinalira m'khola mpaka dzuwa kukwera, nyumba ili zii. Titathyola chitseko tinapeza mlamu wagwa pakati pa bedi ndi khomo, dzanja litaloza kuchitseko, atasanza. Anatiuza pambuyo pake kuti anadzuka usiku mutu ukuphulika, ankadziwa kuti ayenera kutsegula, koma miyendo inakana. Onse awiri anachira kuchipatala. Mwana wawo tsiku limenelo anagona kwa agogo ake, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimenezo thupi limachita tsemwe.

Makala akamayaka pamalo osapita mpweya amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ukalowa m'magazi umakakamira pamalo pa mpweya wabwino mwamphamvu yoposa ka 200, thupi n'kuyamba kufa ndi njala ya mpweya munthu ali m'tulo. Anthu amati makala akafiira utsi n'kutha ndiye kuti poizoni watha. Si zoona, makala ofiira opanda utsi akutulutsabe mpweyawo. Ena amawaza mchere pamakala, ena amaika beseni la madzi pambali, ena amakwirira ndi phulusa. Zonsezi sizichotsa poizoni. Ndipo dziwani kuti nyumba imene mwaikonza motsatira zimene ndalemba pamwambapa ndi yoopsa kwambiri kulowetsamo mbaula kuposa kale, chifukwa mipata imene inkakupulumutsani mosadziwa mwaitseka. Jenereta nayonso isalire m'nyumba kapena pakhonde lotsekedwa.

Mukapeza munthu ali chonchi, tsegulani zitseko ndi mawindo onse, mutulutsireni panja msanga, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka, makamaka mayi woyembekezera ndi mwana. Wokomoka musamumwetse mkaka kapena china chilichonse, mugonekeni chammbali. Kuchipatala nenani mosabisa kuti munali mbaula m'nyumba.

Kutentha kwa mbaula mungakulowetse m'nyumba, mbaulayo n'kutsala panja. Mukamaphika chamadzulo pakhonde kapena kukhitchini, ikani njerwa ziwiri zootcha, zouma bwino, m'mbali mwa moto. Zikatentha zikulungeni m'nsalu yokhuthala ya thonje, muziike kumiyendo kwa bedi theka la ola musanagone. Miyala ya kumtsinje kapena njerwa yonyowa musaike pamoto, imaphulika. Botolo la madzi otentha, osati owira, lotsekedwa bwino n'kulowetsedwa mu sokosi, limafunda mpaka pakati pa usiku. Zonse ziwirizi zisakhudze khungu la khanda, kapena la munthu wa shuga amene mapazi ake samva bwino, chifukwa akhoza kupsa osadziwa.

Za hita ya magetsi, werengani kaye. Hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi 2 pa ola. Maola 5 usiku uliwonse ndi mayunitsi 10, pamwezi 300. M'nyumba yopanda siling'i ndalama imeneyo mukuotchera malata. Ndalama ya mwezi umodzi wotero ikhoza kugula mphasa, pulasitiki ndi waya wa chipinda chonse, ndipo zimenezo zimagwirabe ntchito magetsi akazima. Ngati hita muli nayo kale, iyatseni ola limodzi m'chipinda chotseka musanagone, kutali ndi makatani, neti ndi zofunda, n'kuizimitsa. Isalumikizidwe pa ekisitenshoni yopyapyala.

Nyumba ndi ya lendi

Simungakhome chilichonse popanda chilolezo, komabe zambiri mwa izi n'zochotseka: mwendo wa buluku wothira mchenga uja wa pachitseko, makatani, makatoni apansi, pulasitiki ya pawindo yogwiritsa ndi tepi. Siling'i ya matumba osokedwa kapena ya zitenje zakale imatheka kupachikidwa pa zingwe zomangirira ku mitanda, tsiku losamuka n'kuipinda. Ngakhale nsalu yokhuthala yoyala pamwamba pa neti, mbali zili zotsegula, imachepetsa kuzizira kotsika kuchokera ku malata, imagwiranso madontho. Za bimufiling'i ndi mphira ya pachitseko kambiranani ndi eni nyumba. Ambiri amavomera mukawauza kuti ntchito mugwira nokha, ena amalola kuchotsera pa lendi mtengo wa zipangizo. Mugwirizane musanagule kanthu, pakhale mboni.

Abale athu okhala ku Johannesburg, m'tizipinda ta malata ta kuseri kwa nyumba za eni, zonsezi zikukukhudzani koposa. Mzindawo uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo chisanu chake cha Juni ndi Julayi chimaposa cha kuno, madzi amatha kuundana panja usiku. Kumeneko makoma nawonso ndi malata, ndiye makatoni kapena mabodi akale amafunika kukhomedwa mkati mwa makoma kusiya kampata, kutali ndi mawaya ndi chitofu cha parafini. Mbaula kumeneko amaitcha imbawula, ndipo imapha chimodzimodzi.

Chisanu chikatha kumapeto kwa Ogasiti, chotsani pulasitiki ya m'mawindo ndi makatoni a m'mabowo a mpweya, muzipinde n'kusunga pouma. Kenako kwerani musuzumire pamwamba pa siling'i ndi tochi mvula isanayambe. Katoni yonyowa kapena yodetsedwa pamalo amodzi ikukuuzani kuti pamwamba pake pali msomali womasuka, ndipo pamenepo ndi pamene pafunika phula.